Kris Kross: Anyamata Awiri ndi Chimbale Chimene Chidagulitsa Ubwana Wawo

M'chaka cha 1992, m'dziko la Amereka, anyamata awiri a zaka 13 adafika pamalo pamene oimba ambiri amakalamba asadapondepo. Chimbale chawo choyamba, chotchedwa Totally Krossed Out, chidatuluka pa 31 Malichi, ndipo miyezi iwiri isadathe chidali patsogolo pa zimbale zonse zimene anthu ankagula m'dzikomo. Pomalizira pake zimbale zokwana 4 miliyoni zidagulidwa mu Amereka mokha. Maina a anyamatawo adali Chris Kelly ndi Chris Smith, koma dziko lidawadziwa ndi dzina limodzi lakuti Kris Kross.

Tasankha kufotokoza mbiri imeneyi chifukwa masiku ano m'nyumba zambiri muli mwana amene amaimba, kuvina kapena kujambula nyimbo pa foni, ndipo mumtima mwake akuyembekeza kuti tsiku lina wina adzamuona namukweza. Makolo ena amakondwera nazo, ena amachita mantha, koma ambiri a ife sitidziwa m'mene msika wa nyimbo umayendera. Mbiri ya Kris Kross itithandiza kuona chinthu chimodzi poyera. Chimene anthu adachikonda mwa anyamatawa, nachilipira ndalama zochuluka, chidali ubwana wawo, ndipo ubwana ndi katundu wosakhalitsa pamsika.

Kumene nyimbo zotere zidachokera

Nyimbo za mtundu wa hip hop zidabadwira ku Bronx, dera lina la mzinda wa New York, pakati pa anthu akuda ndi ena ochokera ku zilumba za Caribbean. Ambiri amawerenga chiyambi chake kuchokera pa 11 Ogasiti 1973, tsiku limene mnyamata wobadwira ku Jamaica, wodziwika ndi dzina lakuti DJ Kool Herc, adaimbitsa zimbale paphwando m'nyumba ina ya mu msewu wa Sedgwick Avenue. Luso lake lidali kutenga kachigawo ka nyimbo kamene ng'oma zimamveka zokha, nkumakabwereza pa magalamafoni awiri kuti ovina asapume. Pamwamba pa ng'omazo ena adayamba kulankhula mau ondondozana ngati ndakatulo, motsata kugunda kwa ng'oma. Kulankhula kotereku ndiko kumatchedwa rap.

M'chaka cha 1979 gulu la Sugarhill Gang lidatulutsa nyimbo ya Rapper's Delight, imene idaonetsa makampani kuti rap ingathe kubweretsa ndalama. Komabe kwa zaka zambiri eni makampani akuluakulu ankaiyesa nyimbo ya kumakwalala, imene idzatha yokha. Maso awo adatseguka m'mwezi wa Meyi 1991, pamene magazini ya Billboard, imene imasindikiza mndandanda wa zimbale zogulidwa koposa sabata iliyonse, idasintha kawerengedwe kake. Kale inkangofunsa eni masitolo, iwo nanena zimene afuna. Tsopano idayamba kudalira makina a SoundScan, amene ankawerenga chimbale chilichonse pamene chikulipiridwa. Mwezi wotsatira chimbale cha gulu la N.W.A, lodziwika ndi mau aukali ndi otukwana, chidakwera pamwamba penipeni pa mndandandawo.

Tsono makampani adadziwa kuti rap ili ndi ogula ambiri, koma padali vuto. Makolo ambiri sankalola zimbale zotukwana m'nyumba zawo, ndipo nyumba zambiri za wailesi zinkaopa kuziulutsa. Padali mpata wa rap imene mwana wa sukulu akadatha kumvetsera pamaso pa amai ake popanda kukalipiridwa. Mpata umenewu ndiwo anyamata a Kris Kross adaudzaza.

Adapezeka akungoyendayenda

Chris Kelly adabadwa pa 11 Ogasiti 1978, ndipo Chris Smith pa 10 Januwale 1979. Onse awiri adakulira mumzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia kumwera kwa Amereka, ndipo adali pa ubwenzi chiyambire makalasi oyamba a pulaimale. Tsiku lina akuyendayenda mu Greenbriar Mall, nyumba yaikulu ya masitolo mumzindamo, adaonedwa ndi Jermaine Dupri, mnyamata wokonza nyimbo amene nayenso adali asadakwanitse zaka 20.

Dupri sadali mlendo pa ntchito imeneyi. Bambo ake, a Michael Mauldin, ankagwira ntchito yoyendetsa oimba, ndipo iye mwini ali wamng'ono adayendapo ndi magulu a rap monga wovina. Chimene chidamukoka pa anyamata awiriwa chidali maonekedwe awo, kavalidwe kawo ndi m'mene anthu ankawacheukira. Pa nthawiyo iwo sadali gulu loimba, ndipo adalibe nyimbo yawoyawo. Dupri adawatenga, nawaphunzitsa kalankhulidwe ka rap, nawalembera nyimbo, nakonzanso ng'oma ndi zoimbira zonse. Kelly adatchedwa Mac Daddy, Smith natchedwa Daddy Mac. Pambuyo pake adalowa m'pangano ndi kampani ya Ruffhouse Records ya kufupi ndi Philadelphia, imene zimbale zake zinkafalitsidwa ndi kampani yaikulu ya Columbia.

Tisaiwale chizindikiro chimene chidawatchukitsa koposa. Anyamatawa ankavala zovala zawo kumbuyo kutsogolo: mathalauza aakulu okhwepa, zipi ili kumbuyo ndi matumba akumbuyo ali kutsogolo, malaya nawonso mabatani ali kumsana. Kwa munthu wamkulu zidali zoseketsa, koma kwa ogulitsa zimbale zidali nzeru yamtengo wapatali. Mwana aliyense akadatha kutsanzira kavalidweko popanda kugula kanthu, ndipo aliyense wotsanzirayo ankasanduka wolengeza malonda a chimbalecho kusukulu ndi kumsewu.

Chimbale chimene chidagwedeza msika

Nyimbo yoyamba kutuluka, yotchedwa Jump, idafika kwa anthu mu Febuluwale 1992. Pofika kumapeto kwa Epulo idali yoyamba pa mndandanda wa Billboard Hot 100, ndipo idakhala pamenepo masabata 8 otsatizana. Ku Britain idafika pa nambala 2. Nyimbo yachiwiri, Warm It Up, idafika pa nambala 13 mu Amereka. Chimbale chonse chidakhala choyamba pa mndandanda wa Billboard 200 kwa masabata awiri, mu Meyi ndi mu Juni chaka chomwecho.

Kuti timvetse kukula kwa zimenezi tiyenera kudziwa muyeso umene amagwiritsa ntchito kumeneko. Bungwe la makampani a nyimbo la RIAA limapereka ulemu wa golide kwa chimbale chimene chagulidwa kokwana 500,000, ndi ulemu wa platinamu kwa chimene chafika 1 miliyoni. Oimba ambiri amagwira ntchito moyo wawo wonse osaona ngakhale golide. Totally Krossed Out idalandira platinamu kanai.

Nanga nchiyani chidachititsa kuti anthu achikonde chotere? Poyamba, Dupri adadziwa kusakaniza chatsopano ndi chakale. Mu Jump adaikamo tizigawo totengedwa m'nyimbo zakale, ndipo kamodzi kadachokera mu I Want You Back, nyimbo ya gulu la Jackson 5 ya m'chaka cha 1969, imene Michael Jackson adaimba ali ndi zaka 11. Motero makolo ankamvamo kamvekedwe ka pa unyamata wawo, pamene ana ankamvamo ng'oma za masiku awo. Chachiwiri, nkhani za m'nyimbozo zidali zapafupi ndi moyo wa ana. Nyimbo ya I Missed the Bus ikunena za mwana amene basi ya kusukulu yamusiya, ndipo It's a Shame ikudandaula za chiwawa chimene ana a m'makwalala osauka amakula akuchiona. Chachitatu, wailesi yakanema, makamaka ya MTV, inkaonetsa anyamatawa kawirikawiri, kotero kuti nkhope zawo ndi zovala zawo zidadziwika m'nyumba iliyonse. Koma pamwamba pa zonsezi padali mau awo aang'ono, akuthwa, a ana amene sadathe msinkhu, akulankhula molimba mtima ngati akuluakulu. Chodabwitsa chimenechi ndicho anthu adathamangira kukagula.

Chaka chomwecho cha 1992 Michael Jackson adawatenga kuti aziimba poyambirira pa ulendo wake wa Dangerous m'maiko a ku Ulaya, ndipo adaonekanso mu kanema wa nyimbo yake ya Jam, momwe mudalinso katswiri wa basketball Michael Jordan. Kampani ya Sega idatulutsa masewera a pa kanema okhala ndi dzina lawo, ndipo adalengezanso malonda a chakumwa cha Sprite. Pa mphoto za Grammy za 1993 adali m'gulu la opikisana pa mphoto ya oimba atsopano, ngakhale idapita kwa gulu la Arrested Development, la ku Atlanta komweko.

Ndalama za chimbale zimayenda bwanji

Owerenga ena adzati, ana amenewa adalemera basi. Tisafulumire, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama imene munthu amalipira pogula chimbale imagawidwa panjira isadafike kwa woimba. Sitolo imatengapo gawo lake, wofalitsa amatengapo lake, ndipo kampani imene ili mwini chimbale imatenga gawo lalikulu. Woimba amalandira kagawo kochepa pa chimbale chilichonse, monga mwa pangano limene adasaina.

Ndiponso kagawo kameneka sikafika msanga. Pochita pangano kampani imapatsa woimba adivansi, ndipo imalipira situdiyo ndi zina zofunika pokonza chimbale. Zambiri mwa ndalama zimenezi zimalembedwa ngati ngongole ya woimba, imene kampani imayamba yadzibwezera kuchokera pa kagawo kake kaja. Woimba amayamba kuona phindu ngongoleyo itatha. Palinso thumba lachiwiri, la wolemba nyimbo, limene limalandira nthawi iliyonse nyimbo ikagulidwa kapena kuulutsidwa pa wailesi, ndipo limapitirira kulandira zaka zambiri woimbayo ataiwalika. Pa nyimbo ya Jump wolemba adali Dupri, ndipo eni ake a nyimbo zakale zimene adatengako tizigawo adali ndi gawo lawonso.

Kuti zimenezi si nthano chabe tikuona pa gulu la atsikana atatu la TLC, la mumzinda womwewo wa Atlanta. Mu Julaye 1995 iwo adapita kubwalo la milandu kukalengeza kuti alephera kubweza ngongole zawo, pa nthawi imene chimbale chawo cha CrazySexyCool chinkagulidwa m'mamiliyoni. Ngati akuluakulu angagwe m'mbuna yotere, nanga mwana wa zaka 12 kapena 13, amene sangathe kuwerenga pangano namvetsa, adzatetezedwa ndi yani? Wosaina m'malo mwake ndi kholo, ndipo tsogolo lake limadalira nzeru ndi kukhulupirika kwa khololo.

Nalonso kholo nthawi zina limalephera. Jackie Coogan, mwana amene adatchuka mu filimu ya Charlie Chaplin yotchedwa The Kid m'chaka cha 1921, atakula adapeza kuti amai ake ndi mwamuna wawo wachiwiri adamwaza pafupifupi chuma chonse chimene iye adachigwirira ntchito. Adawasumira m'chaka cha 1938, napeza kachigawo kochepa chabe. Chifukwa cha mlandu umenewu chigawo cha California chidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1939 loteteza malipiro a ana ochita zisudzo, ndipo litakonzedwanso pambuyo pake lidalamula kuti magawo 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana azisungidwa padera kufikira atakula.

Mau atasintha

Palibe pangano limene lingaletse mwana kukula. Pamene chimbale chachiwiri cha Kris Kross, chotchedwa Da Bomb, chinkatuluka mu Ogasiti 1993, mau a anyamatawa adali atayamba kukhuthala. Nawonso msika udali utasintha. Mu Disembala 1992 Dr. Dre adatulutsa chimbale cha The Chronic, ndipo achinyamata ambiri adatembenukira ku rap yaukali ya ku California. Kris Kross adayesa kudzionetsa ngati anyamata olimba a kumakwalala, koma okonda rap yaukali ankawaonabe ngati ana aja ovala kumbuyo kutsogolo, pamene ana aang'ono sadapezemonso anzawo amene adawakonda. Da Bomb idafika pa platinamu kamodzi, ndiko kuti 1 miliyoni.

Chimbale chachitatu, Young, Rich & Dangerous, chidatuluka mu Januwale 1996, ndipo chidangofika pa golide. Tikaika ziwerengerozi pamodzi tikuona njira yotsetsereka: 4 miliyoni, kenaka 1 miliyoni, kenaka 500,000. Kwa woimba wina aliyense golide ndi chinthu chonyaditsa, koma kwa amene adayambira pamwamba pa phiri adaoneka ngati kugwa. Chimbale chimenechi chidali chomaliza. Onse awiri adali ndi zaka 17, msinkhu umene anzawo amakhala akuganiza za ntchito imene adzayambe, pamene iwo ntchito yawo yaikulu idali itatha kale.

Kwa Dupri nkhani idayenda mwina. Kupambana kwa Kris Kross kudamutsegulira khomo, ndipo m'chaka cha 1993 adakhazikitsa kampani ya So So Def, imene idatulutsa gulu la Xscape ndi woimba Da Brat. M'chaka cha 2000 adatulutsanso chimbale cha mnyamata wina wa zaka 13, Lil' Bow Wow. Sitikunena izi pomuneneza, pakuti popanda iye dziko silikadawadziwa anyamata awiri aja. Tikungoonetsa kuti wokonza nyimbo, amene luso ndi umwini zili m'manja mwake, angathe kupeza mwana wina, koma mwanayo sangapeze ubwana wina.

Mu Febuluwale 2013 Kelly ndi Smith adaimbanso limodzi ku Fox Theatre mu Atlanta, pa chikondwerero cha zaka 20 za So So Def. Pa 1 Meyi chaka chomwecho Chris Kelly adapezeka ali chikomokere kunyumba kwake, namwalira kuchipatala ali ndi zaka 34. Madokotala oyeza mtembo adapeza kuti adafa ndi mankhwala ozunguza bongo osakanikirana, kuphatikizapo heroin ndi cocaine. Kungakhale kulakwa kunena kuti chimbale cha 1992 ndicho chidamupha, pakuti mankhwala amenewa amapha otchuka ndi osatchuka omwe. Komabe imfa yake idakumbutsa anthu za Frankie Lymon, amene adatchuka ali ndi zaka 13 m'chaka cha 1956 ndi gulu la The Teenagers, nataya msika mau ake atasintha, namwalira ndi heroin m'chaka cha 1968 ali ndi zaka 25.

Mwana amene sadagwe

Kodi tinene kuti mwana aliyense wotchuka msanga adzathera pomwepo? Iai. Stevie Wonder, mnyamata wosaona wa ku Michigan, adali ndi zaka 13 pamene nyimbo yake ya Fingertips idakhala yoyamba mu Amereka m'chaka cha 1963. Nayenso mau ake adasintha, ndipo kwa kanthawi malonda ake adatsika. Kusiyana kwake nkwakuti iye adali ndi luso m'manja mwake: ankadziwa piyano, ng'oma ndi harmonica, ndipo adaphunzira kulemba ndi kukonza nyimbo zake. Ankayenda ndi mphunzitsi kuti sukulu isaime, ndipo malipiro ake ankasungidwa kufikira atakwanitsa zaka 21. Atafika msinkhu umenewo m'chaka cha 1971, adakambirananso pangano lake ndi kampani ya Motown, napeza ufulu wolamulira nyimbo zake. Zimbale zake zolemekezeka koposa zidatuluka pambuyo pa chaka chimenecho. Ubwana udamutsegulira khomo, koma chimene chidamukhalitsa m'nyumbamo ndi luso limene adalikulitsa.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Lero zimbale ndi makaseti zidapita, ndipo mwana safunikanso kupezedwa m'nyumba ya masitolo. Kakanema kamodzi pa YouTube kapena TikTok kangathe kumufikitsa kwa anthu miyandamiyanda usiku umodzi. Chida chasintha, koma msika ukufunabe nkhope yatsopano, ndipo ukaipeza umatopa nayo msanga kuposa kale.

Inu makolo, mwana akaonetsa mphatso ya kuimba musaikanize, pakuti mphatso yokanizidwa imakafuna okuza kwina, kumene inu simudzakhalako. Koma akabwera munthu wolonjeza kumutchukitsa, khalani naye pansi mumufunse. Nyimbo zikajambulidwa mwini wake adzakhala yani? Ndalama zimene akupereka poyamba ndi mphatso kapena ngongole? Pangano lidzatha liti, ndipo mwana akafuna kuleka adzatuluka bwanji? Sukulu idzayenda motani, ndipo paulendo adzamuyang'anira ndani? Musasaine pepala limene simudalimvetse, ndipo si manyazi kupita nalo kwa wodziwa malamulo. Ndalama za mwana zikayamba kulowa, gawo lina lisungidwe m'dzina lake, chifukwa thukuta ndi lake. Koposa zonse, mwanayo adziwe kuti pakhomo amakondedwa ngakhale tsiku limene m'manja simudzaombedwanso.

Inu achinyamata, sitikukuletsani kulota. Chris Kelly ndi Chris Smith adasangalatsa anthu mamiliyoni, nathandiza kuti mzinda wawo udziwike pa nyimbo za hip hop gulu la OutKast lisadatulutse chimbale chake choyamba m'chaka cha 1994. Ulemu umenewo ngwawo. Koma dzifunseni moona mtima chimene anthu akukuomberani m'manja. Ngati ndi msinkhu wanu, nkhope yanu kapena kavalidwe kanu, dziwani kuti zimenezo zili ndi nyengo yake ngati mango. Phunzirani choimbira, phunzirani kulemba nyimbo zanu, phunzirani kuwerenga pangano ndi kuwerengera ndalama, ndipo musataye sukulu ndi anzanu amene adakudziwani musadatchuke. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Anyamata awiri a ku Atlanta adafika pamwamba m'chaka chimodzi, koma zaka zonse zotsatira adayenera kukhala ndi moyo monga anthu wamba, ndipo zaka zimenezo ndizo mwana ayenera kukonzekeretsedwa akadali pakhomo.